Nkhokwe ya ma module pa laputopu yakale

Chiperoni chagwa kuyambira Lachiwiri, phiri la Mulanje silikuoneka n'komwe, ndipo tiyi nyengo ino ndi wochepa. Nthawi ndili nayo, ndiye ndabwerera pa kapulogalamu kanga kolembera makilogalamu a masamba amene amayi amathyola m'munda mwawo. Kakuwonkhetsa bwino za mwezi wonse tsopano. Koma sabata ino ndatanganidwa kwambiri ndi ma module, osati tiyi.

Ndikulemba kapulogalamuka pa Node.js, pulogalamu yoyendetsera mapulogalamu olembedwa m'chilankhulo cha JavaScript, imene Ryan Dahl anaitulutsa mu 2009. Ma module ndi tizidutswa ta pulogalamu timene anthu ena analemba n'kutipereka ulere, ndipo timatitenga ku npm, malo a pa intaneti osungira ma module, pogwiritsa ntchito pulogalamu ya dzina lomwelo. Ine ndinaitana anayi okha, koma aliyense anabwera ndi abale ake, abalewo ndi abale awo, mpaka foda ya node_modules inadzaza. Tilipo atatu amene timaphunzira limodzi: ine, mnzanga wa ku Chitakale ndi wina wa ku Likhubula. Aliyense ankatsitsa zinthu zomwezomwezo ndi bandulo yakeyake. Zinkandiwawa kuona ndalama ikupita katatu pa chinthu chimodzi.

Ndiye ndinafukula laputopu yakale ya achimwene, yosweka sikirini, n'kuikamo pulogalamu yotchedwa Verdaccio. Ntchito yake ndi ngati nkhokwe: module ikaitanidwa koyamba, imakaitenga ku npm n'kusunga yake. Wachiwiri akaifuna, imachokera m'nkhokwemo, osaitsitsanso pa intaneti. Kuiika sikunavute. Chimene chinandidyera madzulo athunthu n'chakuti makompyuta a anzangawo sankaiona. Verdaccio ikangoikidwa imayankha kompyuta yokhayo imene ilimo, pa port 4873. Muyenera kutsegula fayilo ya malangizo a Verdaccio, config.yaml, n'kulemba 0.0.0.0:4873 pa mzere wa listen, kenako aliyense auze npm yake adiresi ya laputopuyo. Loweruka tinayesa. Ndinazimitsa data pafoni, hotspot yokha n'kusiya, mnzanga wa ku Likhubula n'kulemba npm install. Zonse zinalowa, ndipo tinakuwa mpaka amayi anasuzumira pakhomo.

"Mwatola ndalama kodi, ana inu?"

"Ayi amayi, tapulumutsa bandulo."

Nkhokweyi sindinaimangire ndalama zokha. Mu Malichi 2016 munthu wina anachotsa ma module ake ku npm, kuphatikizapo kena kotchedwa left-pad, ka mizere 11 basi. Mapulogalamu akuluakulu ngati Babel anakanika kuikidwa mpaka npm itakabwezeretsa. Ndikaiganizira nkhaniyi sindimuda munthuyo. Anagwira ntchito osalipidwa, ndipo ife amene timadya thukuta lake tinalibe pangano naye loti azitisungira mpaka kalekale. Chimene ndikudalira, ndisunge changa pafupi.

Vuto lina ndinadzipangira ndekha. Ndinapatsa mnzanga wa ku Chitakale pulogalamu pa fulashi koma ndinasiya fayilo ya package-lock.json, imene npm imalemba yokha, poganiza kuti ndi zinyalala. Kwa iye module yowerengera masiku inabwera yatsopano, yosiyana ndi yanga, ndipo masamba othyoledwa pa 1 Juni anakagwera mu Meyi. Kachizindikiro ka ^ kamene npm imaika kutsogolo kwa nambala ya module mu package.json, fayilo ya mndandanda wa ma module amene ndinaitana, kamalola kuti zatsopano zing'onozing'ono zilowe osakufunsani. Fayilo ya lock ija ndiyo imamanga nambala yeniyeni. Pano timayenda nayo, ndipo timagwiritsa ntchito npm ci, imene imaika zolembedwa mmenemo zokhazokha. Kulakwitsa tsiku limodzi kukanachititsa amayi kukangana ndi ogula pa chinthu chimene iwo sanalakwe, ndipo zimenezo sindikanazipirira.

Ndawerenganso malayisensi a anayi aja. Onse ndi a MIT: mungagwiritse ntchito, kusintha, ngakhale kugulitsa, bola dzina la mwini ndi mawu a layisensiyo musawachotse.

Dzulo usiku ndinalemba module yanga yoyamba. Imalemba tsiku m'Chichewa, monga Lachitatu, 12 Juni, komanso imaika ndalama m'makwacha moyenera kuti pepala amayi aziliwerenga okha. Ndaiika m'nkhokwe yathu yokha ndi npm publish, anzangawo aiyese kaye asanaione anthu akunja. Batire ya laputopu ija inafa kale, magetsi akazima nkhokwe nayo imazima, choncho Lolemba ndipita ku Limbe kukafunsa mtengo wa batire ina.