Chipale cha ku South Pole chimene chimapanga ozoni

Wophunzira akamva za ozoni ku Antarctica, maganizo amathamangira ku chibowo chija chimene Joe Farman ndi anzake a ku siteshoni ya kafukufuku ya Halley adalengeza mu 1985. Chibowocho chili kumwamba, pamtunda wa makilomita pafupifupi 14 mpaka 21. Zolemba izi zikunena za pansi penipeni, mamita ochepa pamwamba pa chipale chofewa, pomwe m'chilimwe ozoni amapangika.

Kale akatswiri ankatenga chipale ngati mosungira zinthu chabe: naitireti (mchere wa naitirojeni wochokera mu mpweya) akagwamo, nkhani yatha. Maganizowa adasintha ndi zoyeza za mu 1998. Ku Summit, pakati pa Greenland, gulu la Richard Honrath lidapeza kuti mpweya wa m'timipata ta chipale uli ndi NOx, ndiye kuti NO ndi NO2 (mipweya ya naitirojeni ndi okosijeni), wochuluka katatu mpaka kupitirira kakhumi poyerekeza ndi mpweya wakunja. Mu Disembala chaka chomwecho gulu la Douglas Davis ku South Pole lidapeza NO wokwana magawo 225 pa thiriliyoni, pamene m'mphepete mwa nyanja ya Antarctica kumapezeka magawo ochepa chabe. Kulibe fakitale kumeneko. Mpweyawo ukutuluka m'chipale momwemo.

Cheza cha UV cha mananomita 290 mpaka 345 chikalowa m'chipale chimaswa naitireti, n'kutulutsa NO2. Njira ina imapereka naitiraiti, amene amasanduka NO kapena asidi wotchedwa HONO. Pa kuwala kumene naitireti wayamwa, kosafika gawo limodzi pa 100 ndiko kumamuswa, koma dzuwa likamawala usana ndi usiku zochepazo zimaunjikana. Ku Dome C, malo okwera a m'kati mwa Antarctica, kuwalaku kumatsala pafupifupi gawo limodzi mwa atatu pa masentimita 10 mpaka 20 aliwonse, choncho ntchito yonse imachitikira m'chipale chapamwamba, ndipo mphepo ikamakankha mpweya m'timipata imathandiza kuutulutsa.

Apa ndi pamene ndikuona kuti wophunzira ayenera kudekha: kuchuluka kwa NO mu mpweya si muyeso wa kuchuluka kwa amene chipale chikutulutsa. Ku South Pole, pamtunda wa mamita 2,835, mpweya wozizira umakhala pansi osasakanikirana ndi wapamwamba, ndipo nthawi zina gawo losakanikirana silifika mamita 50. Zili ngati utsi m'khitchini ya denga lalifupi, moto ndi womwewo koma maso amawawa. Komanso NOx akachuluka kwambiri amachepetsa OH, kamolekyu ka okosijeni ndi haidirojeni kamene ndiko kamachotsa NOx mu mpweya, motero NOx amakhalitsa. Ku Dome C, komwe kuli siteshoni ya Concordia, dzuwa la Disembala sililowa koma limakwera ndi kutsika. Masana chipale chimatulutsa NOx wambiri, koma mpweya umasakanikirana kufika mamita mazana angapo ndipo NOx amasungunukiramo. Madzulo kusakanikiranako kukaleka ndi pamene NOx amakwera. Amene angayang'ane nambala yokha anganene kuti chipale chimagwira ntchito kwambiri madzulo, zomwe si zoona.

Nanga ozoni amabwera bwanji? Kuwala kumaswa NO2 kukhala NO ndi atomu ya okosijeni, atomuyo imagwirana ndi O2, okosijeni amene timapuma, n'kupanga O3, amene ndiye ozoni. Koma NO akakumana ndi O3 amamudya n'kubwerera kukhala NO2, ndipo palibe chawonjezeka. Ozoni watsopano amapangika pokhapokha HO2 kapena RO2, timamolekyu tokhala ndi okosijeni tosachedwa kugwirana ndi zina, titasandutsa NO kukhala NO2 popanda kudya ozoni. Mu 2001 James Crawford ndi anzake adawerengera kuti ku South Pole njirayi imapanga magawo 2.2 mpaka 3.6 pa biliyoni tsiku lililonse. Ndi njira yomweyo imene imadetsa mpweya wa Los Angeles, kungoti kuno gwero lake ndi chipale. Musasokoneze ndi za m'mphepete mwa nyanja monga ku Alert, ku Canada, komwe dzuwa likangobwerera bromini wochokera ku mchere wa m'nyanja amagwetsa ozoni wapansi mpaka kutsala pang'ono kutheratu.

Kuyeza ndiko kumavuta. Ozoni amayezedwa ndi kuwala kwa mananomita 254 ndipo savuta kwenikweni. NO amayezedwa pomusakaniza ndi ozoni m'kachipinda n'kuwerenga kuwala kofooka kotulukapo. NO2 ayenera kusandutsidwa kaye NO, ndipo chipangizo cha molybdenum chotenthetsedwa, chofala m'mizinda, sichiyenera kuno chifukwa chimasandutsanso mipweya ina ya naitirojeni monga HNO3 ndi PAN, nambala n'kukwera mwabodza. Choyenera ndi chosandutsa ndi kuwala. Ngakhale chimenecho chili ndi msampha: HO2NO2, amene amapangika HO2 akagwirana ndi NO2, amakhalitsa m'chisanu, koma akalowa m'paipi yodutsa m'chipinda chofunda amasweka n'kupereka NO2 amene kunja kunalibe. Paipi ikhale yaifupi ndipo mpweya udutse msanga. Utsi wa jenereta nawonso umawononga zoyeza, n'chifukwa chake ku South Pole adapatula dera la mpweya woyera kumbali yomwe mphepo imachokera, ndipo zoyezedwa mphepo itatembenuka zimatayidwa.

Amene amaboola ayezi kuti adziwe za mpweya wakale nkhaniyi imawakhudza kwambiri. Ku Dome C chipale chimene chimawonjezeka pachaka sichikwana masentimita 10, choncho naitireti amakhala zaka zingapo pomwe kuwala kumafika. Wambiri amatuluka asanakwiriridwe: pamwamba pamapezeka mananogalamu mazanamazana pa galamu, koma pansi pang'ono amatsala makumi chabe. Naitirojeni-14 amathawa msanga kuposa naitirojeni-15, ndipo δ15N (muyeso wa kuchuluka kwa naitirojeni-15 poyerekeza ndi naitirojeni-14) wa wotsalayo amatha kupitirira 300‰, ndiye kuti magawo 300 pa 1,000. Ku Summit chipale chimaposa theka la mita pachaka ndipo chimakwirira naitireti msanga. Choncho musanamasulire naitireti wa mu ayezi wakale, fufuzani kaye kuti pamalopo, pa nthawiyo, chipale chinkagwa chochuluka bwanji.