Malo atatu okha pakati pa chofiira ndi chobiriwira

Sabata ino ndinali ndi mutu umodzi wokha, wa mapuloteni a m'diso otchedwa ma opsin. Ndinkati ndiumaliza tsiku limodzi, koma wandidyera masiku asanu, ndipo kope langa ladzaza ndi zojambula za kamolekyu kamodzi kopindika.

Kamolekyuko ndi retinal, kochokera ku vitamini A. Nthawi yonseyi ndinkayesa kuti puloteniyo ndi imene imagwira kuwala, koma ayi. Opsin ili ngati chingwe cholowa ndi kutuluka pakhungu la selo kasanu ndi kawiri, ndipo mkati mwake ndi mmene mwamangiriridwa retinal, atapindika ngati chigongono. Kuwala kukamugunda amawongoka, ndipo kuona kumayambira pomwepo. Kuwongokako n'kwachangu zosaneneka: mutagawa sekondi imodzi magawo 5 thiriliyoni, gawo limodzi n'lokwanira. Akawongoka amakankha puloteni ija, iyo n'kudzutsa inzake yotchedwa transducin, mpaka timipata ta pakhungu la selo timatseka ndipo uthenga umanyamuka kupita ku ubongo.

Amene anayamba kuziona ndi Franz Boll mu 1876. Iye anapeza kuti retina (kachikopa ka kumbuyo kwa diso kogwira kuwala) ya chule wosungidwa mumdima imakhala yofiirira, koma ikaikidwa powala imayezuka. Wilhelm Kühne wa ku Heidelberg anapitiriza, mpaka anaonetsa chithunzi cha zenera chitatsalira pa retina ya kalulu. Zoti vitamini A ali pakati pa zonsezi anazitulukira George Wald, yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 1967.

Lachitatu usiku ndinafuna kudzionera ndekha. Ndinazimitsa magetsi n'kukhala phee. Mphindi zoyambirira kunali bii. Kenako m'mphepete mwa tebulo munayamba kuoneka, kenako chitseko, ndipo patatha pafupifupi theka la ola ndinkaona ngakhale makwinya a chofunda, koma zonse zili zotuwa, zopanda mtundu. Ndinadziwa kuti maselo otchedwa ma rod akubwezeretsa retinal wopindika uja m'malo mwake, pomwe ma cone, amene amaona mitundu, alibe kuwala kowakwanira. Nditatuluka panja ndinayang'ana kanyenyezi kozimirira mwachindunji, kanasowa. Nditayang'ana chapambali pang'ono kanabwerera, chifukwa pakatikati penipeni pa retina palibe ma rod. Zinandikhudza kwambiri kuona za m'buku zikuchitika m'diso langa lomwe.

Funso limene linandigoneka mochedwa ndi ili: ngati retinal ndi yemweyo m'maselo onse, mitundu ikuchokera kuti? Yankho lili pa puloteni. Ma amino acid, tizidutswa timene timalumikizana n'kupanga puloteni, ozungulira retinal ndi amene amasintha mtundu wa kuwala komwe iye amagwira bwino. Ma cone athu ndi amitundu itatu, ndipo amamva kwambiri kuwala kwa mananomita (muyeso wa kutalika kwa mafunde a kuwala) pafupifupi 420, 530 ndi 560. Mu 1986 Jeremy Nathans ndi anzake anapeza majini ake. Awiri omalizirawo, amene timawatchula a chobiriwira ndi chofiira, ali moyandikana pa kromozomu ya X (chimodzi mwa zingwe zosunga majini m'selo), ndipo mapuloteni ake amafanana pafupifupi 96 peresenti. Kusiyana kwawo kwakukulu kwagona pa malo atatu okha pa chingwe chija: amino acid wa nambala 180, 277 ndi 285. Ndinalemba manambalawa pachikuto cha kope. Kusiyanitsa chipatso chakupsa ndi masamba ochizungulira kumadalira malo atatu amenewa.

Apa ndi pamene maganizo anga anatembenuka. Ndinakula ndikuyesa kuti diso la munthu ndilo lili patsogolo pa maso onse, kuti zamoyo zinkangowonjezera luso mpaka kufika kwa ife. Majini akusimba zina. Nsomba zambiri, mbalame ndi abuluzi ali ndi magulu anayi a ma opsin a m'ma cone. Ngakhale nsomba yopanda nsagwada yotchedwa Geotria australis ili nawo, kutanthauza kuti analipo kale zaka pafupifupi 500 miliyoni zapitazo. Makolo a nyama zoyamwitsa ndi amene anataya awiri, ndipo akatswiri ambiri amati n'chifukwa chokhala nthawi yaitali akuyenda usiku m'nyengo ya madinaso. N'chifukwa chake galu ali ndi mitundu iwiri yokha ya ma cone. Wachitatu wathuyu ndi chigamba cha posachedwa. Zaka zapakati pa 30 ndi 40 miliyoni zapitazo, mwa makolo athu ndi a anyani a ku Africa ndi ku Asia, jini imodzi inakopedwa kawiri, makope awiriwo n'kusiyana pang'onopang'ono pa malo atatu aja. Si kuti tinabweza zonse zimene zinatayika. Mbalame zambiri zimaona kuwala kwa mafunde aafupi kwambiri kotchedwa ultraviolet, ife ayi.

Anyani ambiri a ku South America ali ndi jini imodzi yokha pa X, koma imabwera mosiyanasiyana. Aamuna onse amaona ndi ma cone amitundu iwiri, pomwe aakazi ena, pokhala ndi ma X awiri osiyana, amaona ndi itatu. Tangoganizani, mlongo ndi mlongo wake pa nthambi imodzi, akuyang'ana mtengo umodzi, koma osauona mofanana.

Chigamba chathuchi chili ndi pofooka pake. Popeza majini awiriwo ndi ofanana kwambiri ndiponso oyandikana, nthawi zina amasakanikirana kapena imodzi imasowa, ndipo amuna, pokhala ndi X imodzi, ndi amene zimawagwera kwambiri. John Dalton, katswiri wa sayansi wa ku England, anafotokoza vuto lake losasiyanitsa bwino mitundu mu 1794. Iye ankakhulupirira kuti madzi a m'diso mwake ndi abuluu, ndipo anapempha kuti akadzamwalira adzawapime maso akewo. Atamwalira mu 1844 anawang'ambadi, n'kupeza madzi oyera bwinobwino. Zotsalira za masowo zinasungidwa ku Manchester, ndipo mu 1995 anazipima DNA. Jini ya chobiriwira ija, ya 530, munalibe.