Lachitatu la mvula, matewera ndi ufa wa phala

Mvula inayamba cha m'ma 3 koloko usiku ndipo yakhala ikuwaza tsiku lonse kuno ku Area 25. Nditadzuka ndinapita pakhonde kukagwira matewera amene ndinachapa dzulo, ndinapeza onse adakali achinyezi. Choncho mwana wayamba tsiku atavala pampasi. Chizolowezi changa n'chakuti masana azivala matewera, mapampasi akhale a usiku ndi a paulendo, koma nyengo ya dzinja ino zimavuta. Thewera losauma bwino limamutulutsa tizilonda m'mphechepeche, ndipo kulira kwake kumandipweteka kuposa ndalama ya pampasi.

Sikuti ndalamayo ndi yochepa ayi. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera, ndipo amayi ambiri kuno amagula pampasi imodziimodzi pa okala chifukwa paketi yathunthu ndi yosafikirika. Koma anthu amene amati matewera ndi aulere sanawachapepo. Pamafunika sopo, madzi ambiri otsukuluzira, makala otenthetsera madzi, ndi msana wako weniweniwo. Chimene chimandivutitsa mtima pa mapampasi ndi kotaya. Mvula ikagwa ngati lero, ngalande ya kuseri kwathu imadzaza nawo, agalu n'kumawakokera pamsewu pomwe ana akusewera. M'chimbudzi chokumba a landilodi anakaniza, ndipo akunena zoona, chimadzaza msanga. Ine ndimayamba ndachotsa chimbudzi cha mwanayo, pampasiyo n'kuimanga m'jumbo kudikira otenga zinyalala. Ndimayesetsa kuti akhale ochepa.

Cha m'ma 8 koloko amayi anaimba kuchokera kumudzi ku Dedza. Atamva kuti mdzukulu wawo wavala chiyani, anaseka pang'ono kenaka anati, "Mwana wanga, inu nonse tinakulerani ndi matewera okhaokha, mvula imagwa ndithu ngati yomweyi. Mwayamba ulesi ana a m'tauni."

Ndinawafunsa mwaulemu kuti, "Amayi, nanga ine ndili wakhanda ankatunga madzi ndani?"

Anakhala kaye chete, kenaka anayamba kuwerenga okha. Madzi ankatunga azakhali anga. Kusinja ankasinja agogo ndi achemwali awo. Nkhuni ankabweretsa ana a m'bale wawo. Iwo atatuluka m'chikuta anakhala nthawi ndithu asanagwire khasu. Mwana akalira iwo ali pamoto, panali msana wina womubereka. "Eya, koma anthu tinalipo ambiri," anatero pomaliza, mawu atafewa.

Nkhani yagona pamenepo. Ntchito imene kumudzi ankagawana akazi a mbumba yonse, muno m'nyumba ya lendi ikudikira manja awiri. Bambo ake a mwana amanyamuka kusanache kuthamangira minibasi, amabwera dzuwa litalowa. Akafika amathandiza, ndipo Loweruka matewera amachapa ndi iwo, koma masana onse ndimakhala ndekha ndi mwana wa miyezi 7 amene wayamba kudzikoka pansi n'kumatola chilichonse kuika m'kamwa. Sindingathe kuchita zonse ndi manja. Ndimayenera kusankha poika mphamvu zanga, ndipo ine ndinasankha chakudya.

Lero linali tsiku la ufa wa phala. Ntchito yake inayamba dzana, dzuwa litawala pang'ono. Soya ndinamupeta palichero, kuchotsa timiyala ndi wofumbwa, lero m'mawa n'kumukazinga pambaula mpaka atasintha mtundu ndi kuyamba kununkhira. Soya wosakazinga amanunkha chiwisi, mwana amalavula, komanso amavuta kugayika m'mimba. Muyezo wanga ndi makapu anayi a chimanga pa kapu imodzi ya soya, mofanana ndi mmene amasakanizira Likuni Phala, lomwe dzina lake linachokera ku Likuni konkuno ku Lilongwe. Chimanga ndimagayitsa mgaiwa. Ufa woyera ndi wokoma pansima, koma pokonola ndi kuviika zambiri zopatsa thanzi zimapita ndi madeya ndi madzi.

Chimene chinanditengera nthawi ndi mtedza. Mtedza wa mwezi uno ndi wa chaka chatha, wakhalitsa m'matumba, ndipo chinyezi chimaubweretsera chuku. Poizoni wa chuku samatha ndi kukazinga kapena kuphika, amawononga chiwindi ndiponso amabweza mwana m'mbuyo pakakulidwe. Ndiye ndinakhala pamkeka, mwana ali pambali panga ndi chivundikiro cha poto m'manja, ine n'kumasankha njere imodziimodzi. Wofota, wosweka, wakuda m'mphepete, wobooka, onse pambali. Apa palibe chidule, ndipo n'chifukwa chake nsinjiro za mwana sindigula zosinjasinja pamsika. Ukagula za m'kapepala sudziwa kuti anasinja mtedza wotani. Nsinjiro sindizisakaniza ndi ufa pogayitsa, chifukwa mafuta ake amachititsa kuti ufa uyambe fungo msanga. Ndimazisunga m'botolo pazokha, n'kumathira supuni pophika.

Mvula itadukiza ndinabereka mwana, thumba pamutu, ulendo wa kuchigayo. Ndikungofika magetsi anazima. Panali amayi ena pamzere, ena atakhalira matumba awo, nkhani zili mkati. Mayi wina wachikulire anasuzumira m'thumba langa n'kufunsa, "Ndi za phala la mwanayu?" Nditavomera anandilangiza kuti ndidikire agaye kaye chimanga cha munthu wina pambuyo pa amene anabwera ndi mapira a thobwa, kuti ufa wanga usatengere. Anandiuzanso kuti ndipemphe agayitse kawiri kuti ukhale wosalala. Uphungu wotere sumaupeza pa foni.

Tinadikira mpaka mwana anayamba kuvuta. Ndinamuyamwitsa pomwepo, kenaka ndinasiya thumba m'manja mwa mnyamata wapachigayo n'kubwerera kunyumba. Ufa wakale unali utatha, moto pambaula utazima, mwana akufuna chakudya nthawi yomweyo. M'kabati ndimasunga paketi ya phala la kusitolo, lija longothira madzi owiritsa, ndipo madzi otentha anali m'fulasiki. Pasanathe mphindi zochepa anali akudya. Ndinamufinyirako nthochi ndi kachidutswa ka peyala, poti mapeyala ayamba kupezeka pamsika.

Phala limenelo ndinamupatsa ndi mtima woyera. Ndimalisungira masiku otere, ndipo pogula ndimawerenga kuseri kwa paketi, chifukwa ena amathira shuga wambiri moti mwana akazolowera kutsekemera amayamba kukana phala la mgaiwa. Ndimaganiziranso aneba anga a khomo lachiwiri. Lamulo la ntchito m'Malawi muno limapatsa mayi tchuthi cha masabata 8 akabereka, ndipo iwo anabwerera kuntchito mwana adakali wofiira. Anayesetsa kufinya mkaka wa m'mawere kumusiyira, pano mwana wafika poyamba kudya ndipo masana amakhala ndi mtsikana wantchito. Mayi amene amachoka m'mawa n'kufika usiku atapanikizika m'minibasi, angakazinge soya nthawi yanji? Ndikamva amayi anzathu kusikelo akunong'onezana kuti uje amadyetsa mwana za m'mapaketi, zimandiwawa, chifukwa sadziwa mmene tsiku lake limayendera. Ine ndimagulitsa zitenje pa WhatsApp ndili pakhomo, n'chifukwa chake ndili ndi mpata umene iwo alibe. Mwezi watha ndinawagawirako ufa wanga, iwo anandibweretsera sopo. Tagwirizana kuti ulendo uno azigula soya, ine ndizikonza za ana onse awiri.

Magetsi anayaka cha m'ma 3 koloko. Wakabaza wina amene ndimamudziwa anakanditengera thumba, ndipo ndalama imeneyo sindinaidandaule. Ufa unafika wotentha, ndinauyala pachitenje choyera m'nyumba kuti uzizire ndisanautsekere m'ndowa.

Madzulo ndinaphika phala loyamba la ufa watsopano. Alangizi a zaumoyo kusikelo amabwereza mwezi uliwonse kuti phala la mwana likhale lolimbirako, loti likhazikike pasupuni osayenderera, chifukwa mimba yake ndi yaing'ono ndipo phala lamadzimadzi limangomudzaza popanda kanthu. Pa msinkhu wakewu amati adye kawiri kapena katatu patsiku, kwinaku akuyamwa mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira. Amatikumbutsanso magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, za nyemba, za nyama, zamasamba, zipatso ndi mafuta. Tsiku lina anatiuza kuti kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi ndi opinimbira. Ndinayang'ana ana amene tinali nawo pabenchi tsiku limenelo, ndipo kuyambira pomwepo buku la kusikelo ndimaliyang'anitsitsa kuti mzere wake ukukwera.

M'phala la lero ndinathira nsinjiro, kaufa ka usipa wouma umene ndinasinja ndi kusefa bwino kuti pasatsale minga, ndi nkhwani wophika wopota ndi supuni mpaka kusalala. Mchere ndi shuga sindithira. Supuni zoyambirira anakwinya nkhope chifukwa cha usipa, kenaka anayamba kugwira dzanja langa kukokera supuni kukamwa. Anatsiriza pafupifupi theka la kapu.

Bambo ake atafika anapeza ndiwo palibe, nkhwani yense wotsala ndinali nditasungira mawa ndipo mphamvu zophika nyemba ndinalibe. Ndinati, "Pepani, lero tidyera mazira." Iwo anati, "Palibe kanthu, khalani pansi," n'kupita okha pa okala kukagula mazira ndi tomato. Anakazinga okha ine ndikusambitsa mwana, nsima n'kuphika ine.

Matewera aja tawalowetsa m'nyumba, tawayanika pachingwe pabalaza, mawa ndiwasita kuti aumitsitse ngati magetsi akhalepo. Ufa ulipo wokwanira mwezi, theka lake ndawapimira aneba m'chitini. Lachisanu ndi tsiku la sikelo, ndipo ndikufuna ndikafunse alangizi kuchuluka kwa chiwindi cha nkhuku kumene ndingayambe kumupatsa.