Kosta Yathu ndi Ulendo wa Kumapanga a Chinhoyi

Bizinesi yathu ndi yotenga anthu kupita nawo kokaona malo. Timagwirira ntchito pakhomo pathu ku Area 25, ine ndi bambo a kunyumba, ndipo chuma chathu chonse ndi kosta imodzi, mafoni ndi kaundula wa chikuto cholimba momwe ndimalembamo amene walipira ndi amene watsala nayo. Bambo ndiwo amayendetsa ndi kusamala galimoto. Ine ndimagwira ndalama, mapepala ndi anthu.

Poyamba kostayo inkangochita hayala: maukwati, zinkhoswe, maliro, amayi a chigwirizano popita kumisonkhano yawo. Ndalama ya hayala ndi yosadalirika, mwezi uno galimoto ili pamsewu tsiku ndi tsiku, mwezi wamawa yangokhala pansi pa mtengo wa mango. Ndiye tinayamba kukonza maulendo athuathu. Loweruka ku Senga Bay, nthawi zina ku Nkhotakota, kenako sukulu zinayamba kutiitana kuti titengere ana ku Chongoni ku Dedza, kumene kuli zojambula zakale pamiyala. Malo amenewa bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006, ndipo muli malo 127 ojambulidwa, ena ndi utoto wofiira wa Akafula, ena ndi woyera wa makolo athu Achewa.

Nkhani ya mapanga inayambira komweko. Aphunzitsi ena a jogalafe, titakhala pamthunzi ku Chentcherere, anandiuza kuti ana amalemba mayeso za mapanga a mwala wa laimu koma palibe mwana ngakhale mmodzi amene anaonapo phanga lotero, ndipo iwonso eniake ankangoliona pachithunzi cha m'buku. Za ku Chongoni ndi miyala yolimba ya granite imene inangopendekeka n'kusiya kamthunzi kunsi kwake. Phanga la laimu ndi lina. Madzi a mvula akamagwa ndi kulowa m'dothi amatenga mpweya wa carbon dioxide, amasanduka kaasidi kofooka, ndipo kaasidi kameneko kamadya mwalawo pang'onopang'ono m'ming'alu yake kwa zaka zikwizikwi, mpaka pansi pa nthaka pamatseguka njira ndi zipinda. Ndi mwala womwewu umene amaotcha popanga laimu wopaka nyumba ndi simenti. Aphunzitsiwo anati, "Mayi, mutapeza phanga loti tingafikeko pagalimoto, ine ndi anzanga tilipira."

Tinafunsafunsa kwa madalaivala a mathiraki amene amayenda njira ya ku Harare ndi ku Chirundu, ndipo onse ankatchula malo amodzi: Chinhoyi, ku Zimbabwe. Tauniyi ili pafupifupi makilomita 120 kuchokera ku Harare, pamsewu wopita ku Kariba ndi Chirundu, ndipo mapangawo ali makilomita osakwana 10 kupitirira tauni, m'mbali mwenimweni mwa msewu. Amayang'aniridwa ndi nthambi ya boma yoona za nyama ndi malo otetezedwa, imene eniake amangoti ZimParks.

Anthu ambiri ankatiuza kuti Mmalawi sangatulutse ndalama yake kukaona dzenje kudziko la eni, zimenezo n'za azungu. Ine sindinavomereze, ndipo mpaka lero sindivomereza. Vuto la anthu athu n'loti ndalama ya ulendo wotere sipezeka kamodzin'kamodzi. Choncho tinakonza zoti munthu azilipira pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo aliyense akatumiza ndimalemba m'kaundula n'kumujambulira tsamba lake pa WhatsApp. Magulu a banki mkhonde ndiwo anatigwira mkono kwambiri. Amayi ogulitsa kaunjika ndi zitenje, anamwino, aphunzitsi, anagwirizana kuti akagawana ndalama, gawo lina lipite ku ulendo. Lero okwera athu ambiri ndi amayi a zaka zapakati amene moyo wawo wonse akhala akulipirira ena, ndipo aka n'koyamba kudzilipirira okha.

Njira ndi yaitali, ndipo sindibisira munthu. Timanyamuka kusanache kuti tikafike pachipata cha Dedza chikamatsegulidwa. Tikalowa m'Mozambique timadutsa ku Angonia, kumene anthu amayankhula Chichewa chomwechi, n'kutsikira ku Moatize ndi ku Tete, kuwoloka Zambezi, kenako Changara mpaka pachipata cha Nyamapanda. Kuchoka apo ndi Mutoko, kenako Harare, komwe timagona. Mmalawi safunika viza ku Mozambique kapena ku Zimbabwe, bola pasipoti ikhale yosatha. Galimoto ndiye imafuna mapepala ambiri. Inshuwalansi ya Yellow Card ya COMESA imagwira ntchito ku Zimbabwe, koma Mozambique sili m'bungwe limeneli, choncho kumeneko timagula ina payokha. Zonsezi ndimaziika m'fayilo imodzi motsatana ndi zipata, kuti tikaima pawindo ndisamapekuse mapepala anthu akupsa ndi dzuwa m'galimoto.

Ena amafunsa chifukwa chake timagona ku Harare m'malo mongopitirira. Yankho lili paphanga pomwepo. Munthu amene wakhala pampando tsiku lonse, miyendo itatupa, sangasangalale ndi masitepe a ku Chinhoyi. Komanso ndimafuna tifike dzuwa litakwera, chifukwa kuwala kwa dzuwa ndiko kumaonetsa mtundu wa madzi. Ndalama zonse zimene anthu asonkha miyezi yonse ija asonkhera ola limeneli, ndiye sindilola kuti alifikire atatopa kapena mothamanga.

Mukalipira pachipata mumayenda pang'ono m'nkhalango ya miyala ndi mitengo, osaona chilichonse chachilendo. Kenako njira imalowa pansi. Mumatsika masitepe m'mphako yopendekeka, kutentha kwa kunja kumatha, mawu a anthu amayamba kumveka mobwereza, ndipo kutsogolo kumunsi mumaona kuwala. Mukafika kumapeto, denga palibe. Kalekale denga la chipinda chachikulu linagumukira pansi, n'kusiya chidzenje cha makoma oongoka otalika mamita opitirira 40, chimene amachitcha Wonder Hole, ndipo pansi pake ndi pamene pali dziwe la Sleeping Pool. Madzi ake ndi obiriwira ngati buluu uja ankanyikamo malaya oyera amayi athu, koma oyera mbee moti mumaona miyala ndi tinsomba pansi patali. Sagwedezeka. Akatswiri osambira pansi pa madzi ndi mabotolo a mpweya anatsikamo kupitirira mamita 100, ndipo njira zake zimapitirirabe m'kati mwa mwala. Kutentha kwa madziwo kumakhala pa madigiri 22 chaka chonse, kaya ndi June kaya ndi October.

Pamenepa gulu limene lakhala likuimba nyimbo za kwaya kuchokera ku Dedza limangoti zii. Kenako mafoni amatuluka. Ndimawasiya ajambule mpaka akhute, koma ndimapempha kuti pakhale mphindi zingapo aliyense ataika foni m'thumba, chifukwa chithunzi sichitulutsa mtundu uja momwe ulili, ndipo munthu akhoza kubwerera kwawo ataona dziwelo pagalasi la foni pokha.

Pali khomo lina lolowera ku Dark Cave. Uku ndi kopanikiza, kwachinyontho, kumanunkha mileme, ndipo ngakhale anaikamo magetsi ndimauza aliyense akhale ndi tochi. Kuno ndi kumene aphunzitsi aja anapeza zimene ankafuna. Madzi akamadontha kuchokera kudenga, dontho lililonse limasiya kachidutswa ka laimu kosaoneka ndi maso, ndipo pakapita zaka mazanamazana pamamera mwala wolendewera, pansi pomwe likugwera pamameranso wina woloza kumwamba. Mmodzi wa iwo anaima pamenepo n'kuyamba kuphunzitsa ngati ali m'kalasi, amayi a kaunjika atamuzungulira akufunsa mafunso. Kumapeto kwa njirayi mumasuzumira dziwe lomwe lija kuchokera mbali ina, muli mumdima, madzi akuwala kumunsi.

Malamulo athu timawanena tisanatsike m'galimoto. Nsapato zikhale zafulati zogwira pansi, chifukwa masitepe amaterera. Osagwira miyala yolendewera, mafuta a m'manja amaidetsa ndi kuilepheretsa kukula. Osaponya mwala m'dziwe, osalemba dzina pakhoma, osasiya botolo. Ndimalimbikira kwambiri pamenepa chifukwa galimoto yathu ili ndi nambala ya ku Malawi, ndipo tikachoka alonda sakumbuka dzina la munthu, amakumbuka dziko. Kwa achikulire, mwana wathu wamwamuna amanyamula kampando kopinda ndipo amatsika nawo pambuyo pa gulu. "Agogo, palibe akutithamangitsa, pumani kaye," amatero, ndipo pokwera amapumira pamalo alionse amene agogowo afuna.

Mbiri ya malowa imatikhudza ife Amalawi kuposa momwe ambiri amaganizira. Eniake amalitcha dziwelo Chirorodziva, ndipo amafotokoza kuti m'zaka za m'ma 1830 gulu la Angoni limene linkapita kumpoto linathira nkhondo anthu a pamenepo n'kuponya ena m'madzimo. Zaka zake ndi zomwezo zimene Zwangendaba ndi anthu ake ankadutsa m'dzikolo asanawoloke Zambezi mu November 1835, tsiku limene dzuwa linachita kadamsana. Pambuyo pake mfumu Chinhoyi ndi anthu ake ankabisala m'mapangamo pothawa nkhondo za Andebele, ndipo tauniyi inatenga dzina lake. Ndimapempha wotitsogolera kuti anene zonsezi osadumpha, ngakhale m'gulu muli Angoni. Bambo wina wa ku Mzimba atamva anavula chipewa n'kunena kuti, "Kwathu timangoimba za kuwoloka, za kuno sitinauzidwe." Pobwerera iye ndi anzake anakambirana nkhaniyi mpaka ku Tete.

Chinanso ndi cha machona. Dera lozungulira Chinhoyi ndi la mafamu ndi migodi, monga wa kopa umene unali ku Mhangura, ndipo m'nthawi ya atsamunda amuna ambiri ochokera ku Nyasaland anapita kukagwira ntchito kumeneko osabwerako. Zidzukulu zawo zilipo, gule wamkulu amavinidwa m'makomboni a m'mafamu, ndipo malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 amawerengera Chichewa pa ziyankhulo 16 zovomerezeka. Tsiku lina tikugula matimati ndi nthochi m'mbali mwa msewu, mayi wogulitsa anamva tikuyankhula n'kutipatsa moni m'Chichewa chosakanikirana ndi Chishona. Anati agogo ake aamuna anachokera ku Dowa. M'gulu mwathu munali agogo ena aakazi amene bambo awo anapita ku Halale iwo ali khanda. Anagwira dzanja la mayiyo n'kuyamba kufunsa, "Mwanawe, mfunda wako ndani? Mudzi wake anakuuza?" Sanapezeke kuti ndi abale, koma tinachedwa pamenepo pafupifupi ola lathunthu ndipo palibe amene anadandaula. Chichokereni tsikulo ndimasiya nthawi yotere m'ndondomeko ya ulendo.

Chimene chinatsala pang'ono kugwetsa bizinesiyi ndi ndalama zakunja. Ku Zimbabwe pafupifupi chilichonse timalipira m'madola a ku America: pachipata cha phanga, pogona, pamageti a pamsewu, mafuta. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti anthu atalipira kale gawo lalikulu m'makwacha, ndipo madola kubanki ankasowa. Ndinaitana gulu lonse pakhonde pathu, ndinatsegula kaundula, aliyense anaona zimene zinalowa ndi zimene zikufunika. Ena anawonjezera, ena anati sangakwanitse ndipo tinawabwezera ndalama zawo zonse, ngakhale zinatanthauza kuti ulendowo tiyende wopanda phindu. Ambiri mwa amene tinawabwezerawo analembetsanso chaka chotsatira. Tsopano mtengo timaugawa pawiri: gawo la makwacha la galimoto ndi ntchito yathu, ndi gawo la madola limene munthu amasunga yekha n'kukalipira ndi dzanja lake. Mafuta akasowa m'Lilongwe muno, bambo amagona pamzere wa pafilingi siteshoni masiku angapo ulendo usanafike kuti tinyamuke thanki ili yodzaza.

Timayenda pakati pa May ndi August, chifukwa ku Tete nyengo yotentha m'kosta simukhalika, ndipo nthawi ya mvula masitepe a paphanga amaterera kwambiri. Miyezi inayo galimoto imabwerera ku hayala ndi maulendo a kunyanja ndi ku Chongoni. Aphunzitsi aja ayamba kundifunsa za mapanga a Amboni, pafupi ndi Tanga ku Tanzania, amenenso ndi a laimu. Kumeneko n'kutali kwambiri kwa galimoto imodzi ndi dalaivala mmodzi, ndiye ndawauza kuti adikire mpaka tipeze kosta yachiwiri, imene tayamba kale kuisungira ndalama kubanki mkhonde yathu.