Mzuzu kupita ku Likoma pa ndege: makilomita 106, koma mphindi zake zimasinthasintha

Kuchokera pabwalo la ndege la Mzuzu kukafika pa Likoma, mukalunjika osakhota, pali makilomita pafupifupi 106. Oyendetsa ndege amawerengera mu nautical mile, imodzi ndi makilomita 1.852, ndiye kwa iwo ulendowu ndi 57. Kandege ka injini imodzi ngati Cessna 206 kamayenda ma knot pafupifupi 130, kutanthauza mailosi amenewo 130 pa ola. Mukagawa mupeza mphindi 26.

Mphindi 26 zimenezo ndi za papepala. Onjezani ngati 10 za kukwera m'mwamba, kuzungulira bwalo kuti ndege itere moyang'anizana ndi mphepo, ndi kuyenda pansi.

Chachikulu ndi mwera. Likoma ili kum'mwera chakum'mawa kwa Mzuzu, komwe kumachokera mphepoyi m'miyezi yozizira, ndiye popita ndege imalimbana nayo maso ndi maso. Ngati ikuomba ma knot 20, liwiro lenileni limatsika kufika 110 ndipo ulendo umatenga mphindi 31. Pobwerera imakankha kumbuyo, 150, mphindi 23 basi. Ndege yomweyo, njira yomweyo.

Kulemera nako kumalowapo. Bwalo la Mzuzu lili pamtunda wopitirira mamita 1,200, pomwe nyanja ili pa mamita osakwana 500. Pamalo okwera mpweya ndi wopepuka, makamaka masana a Okutobala, ndipo ndege imafuna kuthamanga mtunda wautali isananyamuke. N'chifukwa chake amakupimani pasikelo inu ndi katundu yemwe, ndipo ambiri amalola makilogalamu 15 m'chikwama chofewa. Sutikesi yolimba siyilowa bwino m'kachipinda ka katundu. Thumba la ufa lija litumizeni pa Ilala.

Chomwe chimalepheretsa ulendo kawirikawiri ndi chifunga cha ku Mzuzu. Ndege zazing'onozi zimayenda woyendetsa akuona pansi ndi maso, ndipo mitambo ikaphimba mapiri a Viphya palibe zokakamiza. Ndege yomwe inagwa ku Chikangawa pa 10 Juni 2024 inali italephera kutera pa Mzuzu pomwepa chifukwa cha nyengo. Woyendetsa akati tidikire, dikirani. Komanso musapangane zonyamuka cha m'ma 5 koloko madzulo, chifukwa m'nyengo yozizira dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane.

Pa mtengo, ngati ndi ndege ya hayala, funsani kumene ndegeyo igone usiku wa dzulo lake. Ngati ichokera ku Lilongwe, iuluka kaye makilomita pafupifupi 260 yopanda anthu, ola lathunthu ndi mphindi zingapo, ndipo ola limenelo lidzakhala pa bilu yanu. Mukakwera, funsaninso pomwe aika majekete oyandamira, popeza mukangodutsa gombe la Nkhata Bay pansi ponse ndi madzi okhaokha mpaka Chizumulu.