Ndakaionako San Siro asanaigwetse

Ndinene chilungamo, ulendo wa ku Milan sunali wa mpira ayi. Tinapitira za ntchito, msonkhano wa masiku anayi, koma nditangoona kuti tsiku lomaliza madzulo kulibe chochita komanso AC Milan ikusewera pakwawo, mtima unandiuza kuti iwe, ukabwerera usanaponde pa San Siro udzadzida mpaka kale. Anzanga ankafuna kukajambulitsa zithunzi ku Duomo, chitchalitchi chachikulu cha mumzindamo. Ndinawauza kuti pitani amwene, tikumana usiku.

Bwalo limeneli ine ndinalikondera pa wailesi, ndisanalione ngakhale pa chithunzi. Panali pa 8 Juni 1990, gemu yotsegulira chikho cha dziko lonse, Argentina ya Maradona yomwe inali ndi chikho m'manja ikukumana ndi Cameroon. Ndinali kamnyamata, nditakhala pansi pafupi ndi miyendo ya abambo, iwo khutu lili pa wailesi chifukwa mawu ankabwera n'kumathawa. Kana-Biyik wa Cameroon atapatsidwa kadi yofiira abambo anangoti basi zatha izi, kagoneni. Sindinapite. Pasanathe mphindi khumi m'bale wake Omam-Biyik analumpha n'kuumenya ndi mutu, goloboyi Pumpido unamupulumuka m'manja ngati sopo, chigoli! Abambo, munthu woti sankaseka wamba, anandinyamula m'mwamba mpaka wailesi inagwa. Kumapeto Massing anamusesa Caniggia mpaka nsapato yake yomwe inavuka, kadi yofiira ina, Cameroon inamaliza ndi anthu 9 koma 1-0 inakhala yomweyo. Kuyambira usiku umenewo dzina loti San Siro linandikhala m'mutu.

Kufikako n'kosavuta, umakwera sitima yapansi pa nthaka, laini ya M5 ija ya pepo, n'kukatsikira pa siteshoni yomaliza. Muli thothotho anthu a majezi ofiira ndi akuda, ena ayamba kale kuimba. Utangotuluka pa masitepe chinthucho chimangokuima kutsogolo, eeh abale, sichioneka ngati bwalo la mpira, chimaoneka ngati chimakina chachikulu choti winawake anachiiwala pamenepo. Nsanja 11 za konkire zozungulira ngati sipuling'i, pamwamba pake zitsulo zofiira zikuluzikulu zitanyamula denga, zina zitatulukira kunja ngati nyanga. Ndinaima kaye osajambula n'komwe.

Tikiti yanga inali ya kumtunda kwenikweni, kumene eni ake amati terzo anello, chigawo chachitatu. Kukwerako umayenda mozungulira nsanja, kuzungulira, kuzunguliranso, ukuganiza kuti wafika ukupeza kudakali, ndipo apa ndi pamene maondo anga anayamba kundikumbutsa zaka. Ndinaima n'kugwira khoma kuti ndipume. Konkire yake yozizira, yakuda ndi mvula ndi utsi, pena masitika a masapota omatidwa pamwamba pa anzawo mpaka kukhuthala, pena dzina la munthu lolembedwa ndi kiyi. Ndiye ndinaseka ndekha, chifukwa nsanja zimenezi pamodzi ndi chigawo chachitatu ndi dengalo anazimangira mpikisano wa 1990 womwewo. Tsiku limene ine ndinkalumpha ndi abambo zinali zatsopano, penti asanaume bwinobwino. Lero akuti zakalamba. Nanga ine?

Pansi pake mpakale kuposa pamenepo. Bwaloli linatsegulidwa mu 1926, analimangitsa ndi Piero Pirelli amene anali mkulu wa AC Milan, ndipo gemu yoyamba Inter inabwera kudzawakwapula eni nyumba 6-3, chipongwe chenicheni. Inter yo inadzasamukiramo mu 1947, mpaka lero matimu awiri odana akugona nyumba imodzi, masapota a Milan kwawo ku Curva Sud, kuseri kwa golo lakummwera, a Inter ku Curva Nord, kuseri kwa lakumpoto. Mu 1980 analipatsa dzina la Giuseppe Meazza, katswiri amene anasewerako matimu onse awiri ngakhale kuti mbiri yake yambiri ndi ya ku Inter, n'chifukwa chake wa Milan weniweni simudzamumva akutchula dzinalo, iye ndi San Siro basi.

Nditalowa mkati mutu unazungulira. Mipando yake ndi yotsetsereka moti umaona ngati ukangoyetsemula ukagwera pa kapinga. Osewera ankaoneka tating'ono ngati nyerere koma bwalo lonse umaliona bwinobwino, ndani wasiya malo, ndani akuthamanga pachabe, zinthu zoti pa TV sizioneka. Ndinayesa ndi maso mtunda umene George Weah anathamanga mu 1996 pa gemu ya Verona, kutenga mpira m'bokosi mwawo pambuyo pa kona, kudutsa aliyense mpaka kukagoletsa mbali inayo. Pa foni zimaoneka zapafupi. Uli pamenepo umazindikira kuti mkulu ameneyu anali ndi mapapo a hatchi, osadabwa kuti chaka cha 1995 anali atatenga kale Ballon d'Or. Eto'o nayenso anaponda kapinga yemweyu ndi Inter ija ya Mourinho inasesa zikho zitatu mu 2010, koma za Inter tisachulutse.

Pambali panga panakhala madala ena a imvi, sikafu yawo yofiira itasuluka mpaka kuoneka ya pinki. Chitaliyana changa ndi moni yekha, iwonso Chingerezi chawo n'chimodzimodzi, ndiye tinkacheza ndi manja. Ndinawalozera pansi n'kunena kuti Camerun, Argentina. Nkhope yawo inawala, anadziguguda pachifuwa n'kuloza kumunsi kusonyeza kuti analipo. Ndipo n'zomveka kuti tsiku lija anthu a ku Milan ankachemerera Cameroon, poti Maradona anali wa Napoli imene inali itangowalanda ligi chaka chomwecho. Masapota a ku Curva Sud atayamba kulumpha ndinamva simenti ikunjenjemera pansi pa mapazi, ndinagwira mpando, madala aja anangondiseka.

Za kugwetsazo si mphekesera. Mu 2025 khonsolo ya mzinda inavomera kugulitsa bwaloli kwa matimu awiriwa pa mayuro 197 miliyoni, ndipo cholinga n'choti amange latsopano pambali pomwepo kenako lakaleli aligumule n'kusiyako kachigawo chabe. Zifukwa zawo ndimazimva, akufuna malo a anthu a ndalama, mashopu, zinthu zoti zizilowetsa makobidi sabata yonse osati tsiku la gemu lokha. Sindikuwatsutsa. Kungoti latsopanolo ine abambo sanandinyamulirepo.

Gemu itatha sindinathamangire sitima. Ndinatsika n'kukaima patali kuyang'ana anthu akutsika mu nsanja zija, ndipo zimene amanena zija n'zoona, anthu akamayenda mozungulira onse mbali imodzi maso amanama, umaona ngati nsanjayo ndi imene ikuzungulira, ikudziboolera pansi ngati sikulu. Ndinajambula kavidiyo ka masekondi ochepa, manja akunjenjemera ndi kuzizira, n'kutumizira achimwene anga. Anayankha m'mawa ndili kale pa bwalo la ndege, anangofunsa kuti kodi wailesi ija inathera kwa ndani.