Mwala wapepo ndi mlandu wa chitaka

Ena amaweta nkhunda, ine ndimatolera miyala. Pawindo lathu ku Chibavi pali quartz, pali mica wonyezimira wa ku Mzimba, koma mfumu ya yonse inali fluorite wapepo amene anandibweretsera msuweni wanga woyendetsa thiraki. Unali timabokosi togwiranagwirana, tosalala ngati wina anachita kudula ndi sowo, chonsecho ndi mmene umapangikira pansi pa nthaka. Alendo ankauyesa amethyst, mwala wina wapepo wa mtundu wa quartz, ine n'kumawaphunzitsa ndi matama onse: pa sikelo ya Mohs, yoyezera kulimba kwa miyala, fluorite ali pa 4, amethyst pa 7, ndiye mpeni wakukhitchini umakanda woyambayu koma winayo ayi.

Chimene chinkandisowetsa tulo ndi choti miyala yambiri ya fluorite imawala buluu ikaunikidwa ndi nyali ya UV. Nanga nyaliyo ndikaipeza kuti? Ndinakumbukira kamakina kounikira ndalama zachinyengo kamene kali m'golosale ina chakufupi ndi depoti.

Ndinagula kaye sopo kuti ndioneke kasitomala. Kenako ndinati, "Mayi, tandibwerekani kamakinako pang'ono." Iwo ankaganiza kuti ndikufuna kuunika chenji. Ndinamasula mpango, n'kuika mwala pansi pa nyali. Abale, unayaka! Buluu weniweni, mpaka ine mwini ndinafuula kuti, "Zatheka!"

Mawu amenewo ndi amene anandipachika. Mayi aja anakumbatira kabati ya ndalama n'kukuwa, "Chitaka! Anthuni, chitaka kuno!"

Kanthawi kochepa, pakhomo panadzaza akabaza, amayi ogulitsa nthochi ndi mnyamata wina amene anali atayamba kale kujambula pa foni. Ndinayesa kufotokoza: "Akuluakulu, uyu ndi calcium fluoride basi. Kumafakitale amamuthira m'ng'anjo posungunula chitsulo." Bambo wina wachipewa anagwedeza mutu. "Mwamva? Wavomera yekha. Ngati chimasungunula chitsulo, loko wa kabati angalimbe?"

Wakabaza wina wolimba mtima anati mankhwala otere amatha mphamvu ukawaswa. Ndinachonderera, chifukwa fluorite sachedwa kung'aluka, ndipo amang'aluka motsata mbali zinayi zokhazikika. Anaugogoda kamodzi kokha ndi sipanala, go! Ngodya zinadumpha, n'kusiya nkhope zosalala zangodya zitatu, zonyezimira bwinobwino. Tsiku lina ndikanasirira kung'aluka kokongola chotero. Khamu linabwerera m'mbuyo, mayi wina akuti, "Taonani, chaswana!"

Chigamulo chinali choti ndikhale pa kreti ya zakumwa mpaka ndalama zonse ziwerengedwe. Mayi aja anawerenga akunyowetsa chala, diso limodzi lili pa ine, mvula yamawawa ya Mzuzu ikundilowa m'khosi. Pomaliza anati paperewera K5,000. Kamwana kawo, kamene masaya ake anali mbuu ndi nyenyeswa za bisiketi, kanayang'ana kudenga.

Ndinalipira, n'kutola zidutswa zanga. Wachipewa uja ananditsatira mpaka pamsewu, n'kundinong'oneza, "Achimwene, kachidutswa kamodzi mungandigulitse zingati? Ndili ndi kabizinezi ka matabwa sikakuyenda."